Ndikubwerera ku ntchito mwana ali ndi miyezi itatu: ndiyambire pati?

Funso

Ndine mayi wa ana awiri. Timakhala ku Area 25 mu Lilongwe ndipo ndimagwira ntchito mu ofesi ku City Centre. Tchuthi changa cha uchembere chitha pakapita masabata atatu, pamenepo wakhanda adzakhala ndi miyezi itatu. Wamkulu ali ndi zaka 3. Ndimanyamuka cha m'ma 6:30 m'mawa, kufika kunyumba cha m'ma 6 madzulo. Apongozi akuti ndimuyambitse mwana phala chifukwa mkaka uuma ndikayamba ntchito. Filiji tili nayo koma magetsi amathimathima. Kumudzi atipezera mtsikana woti azidzalera ana. Bambo awo nawonso ali pa ntchito. Ndiyambire pati?

Yankho

Mayi, yambirani pa mkaka, ndipo muyambe sabata inoyi. Zina zonse zikhoza kukonzedwa mutayamba kale ntchito, koma kufinya mkaka ndi kuphunzitsa mwana kumwera m'kapu zimafuna masabata awiri kapena atatu, omwe ndi amene mwatsala nawowa.

Apongozi anu aona amayi ambiri mkaka ukuwathera atayamba ntchito, ndiye mantha awo ali ndi pochokera. Koma chimene chimaumitsa mkaka si ofesi ayi, ndi mawere kukhala odzaza maola ambiri osatulutsidwa. Bere lili ngati chitsime cha mumchenga, chimene chimabwera madzi mukamatunga ndipo chimakwiririka mukachisiya. Likakhala lodzaza kuyambira m'mawa mpaka madzulo kwa masiku angapo otsatana, thupi limamva kuti mkaka sukufunika ndipo limachepetsa. Mukamafinya masana n'kumayamwitsa usiku ndi m'mawa, mkaka upitirira kubwera mpaka mwana atakwana zaka ziwiri. Ndipo mkaka umene wakhala m'bere tsiku lonse susasa. Anthu ambiri amati mayi akachokera ku ntchito ayambe wataya mkaka woyambawo; palibe chifukwa chochitira zimenezo. Sambani m'manja, muyamwitse.

Tiwerengere mkaka umene mwana adzafune. Kuyambira mwezi umodzi mpaka miyezi 6, mwana woyamwa mwakathithi amamwa pakati pa 750 ndi 800 ml pa maola 24, kutanthauza pafupifupi 30 ml pa ola lililonse. Inu muzichoka maola 11 ndi theka. Mukamuyamwitsa bwinobwino cha m'ma 6:15 musananyamuke, n'kudzamuyamwitsanso pongofika, pakatipa afunika 330 mpaka 400 ml, m'magawo anayi a 80 mpaka 100 ml: cha m'ma 9, cha m'ma 11:30, cha m'ma 2 ndi cha m'ma 4:30. Nthawizi ndi zongokuthandizani kuwerengera. Mlezi aziyang'ana mwana osati wotchi. Mwana akayamba kuyamwa zala, kutembenuza mutu uku ndi uku akutsegula kukamwa, yakwana nthawi. Kulira kumabwera njala itafika kale patali.

Mkaka umenewu uchokera m'kufinya kanayi: kamodzi m'mawa cha m'ma 5 koloko, pamene mawere amakhala odzaza kwambiri, ndi katatu ku ntchito, cha m'ma 10, pa nthawi ya nkhomaliro ndi cha m'ma 3:30. Mayi wozolowera amapeza 60 mpaka 120 ml pa kufinya kumodzi, mawere onse awiri. Masiku oyamba mudzaona timadontho tosakwana ngakhale supuni ziwiri, makamaka popeza mwana akuyamwa tsiku lonse. Musataye mtima n'kuyamba kuganiza kuti mulibe mkaka. Manja ndi amene sanazolowere.

Kafinyidwe kake ndi aka. Sambani m'manja ndi sopo. Tengani kapu kapena kabotolo kokamwa kwakukulu kokhala ndi chivindikiro, katsukeni ndi sopo, kathireni madzi owira, kasiyeni mphindi zochepa, kenako khuthulani madziwo osapukuta ndi nsalu. Khalani pansi momasuka, sisitani bere pang'onopang'ono kuchokera kukhwapa kupita kunsonga, kapena ikanipo kansalu konyowetsedwa m'madzi ofunda. Ikani chala chachikulu pamwamba ndi chamkombaphala pansi, m'mphepete mwa mbali yakuda yozungulira nsonga ya bere, masentimita awiri kapena atatu kuchokera pa nsongayo. Kankhirani zalazo mkati cha ku chifuwa, panikizani, tayani. Kankhirani, panikizani, tayani. Zala zisatsetsereke pakhungu ndipo musakoke nsonga, chifukwa kutero kumangopweteka ndi kutseka njira za mkaka. Mkaka ukachepa sunthani zala mozungulira bere, ndipo pakatha mphindi 3 mpaka 5 pitani ku bere linalo, n'kumasinthasintha choncho mpaka zitakwana mphindi 20 kapena 30. Kufinya koyenera sikupweteka. Mukamva ululu ndiye kuti zala zayandikira nsonga mopitirira. Pampu ya manja ya ku famase imathandiza ngati ndalama ilipo, koma pewani ija ya mpira wofinya kumapeto: siitsukika bwino mkati ndipo imatulutsa mkaka wochepa. Njira yachidule m'masabata ano ndi kufinya bere limodzi pamene mwana akuyamwa linalo m'mawa, chifukwa mkaka umatsika mawere onse nthawi imodzi.

Ku ntchito musapite ngati wopempha chifundo. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 limapereka tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8 ndi malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, ndipo litasinthidwa mu 2021 linawonjezera kuti mayi woyamwitsa apatsidwe theka la ola kawiri pa tsiku nthawi ya ntchito, mpaka mwana atakwana miyezi 6 kapena kupitirira. Lembani kalata yaifupi kwa abwana anu kapena a HR panopa, mutchule nthawi ziwirizo ndi kupempha chipinda chotseka chimene mungakhalemo mphindi 30. Kasitolo koyera kapena ofesi ya mnzanu wotuluka ndi zokwanira. Chimbudzi ayi. Ngati n'kotheka pemphaninso kuti mudzayambe Lachitatu m'malo mwa Lolemba, kuti sabata yoyamba ikhale ya masiku atatu basi, mukonze zolakwika Loweruka ndi Lamlungu.

Nkhani ya kasungidwe ndi imene magetsi athu amaivutitsa. Mkaka wongofinyidwa kumene, wovindikiridwa, umakhala bwino maola 4 pamalo opanda filiji. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi ukhoza kufika maola 6 utaikidwa pamthunzi, koma mu Okutobala ndi Novembala musadutse pa 4. M'filiji yozizira bwino umakhala masiku 4, bola muuike kumbuyo kwenikweni osati pachitseko. Mufiriza umakhala miyezi 6. M'kula bokosi momwe muli madzi oundana umakhala maola 24. Filiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola 4 magetsi atazima, ndiye chitani izi: dzazani madzi m'mabotolo apulasitiki asanu kapena asanu ndi limodzi a 500 ml, osadzaza mpaka pakamwa, muwaundanitse mufiriza nthawi zonse magetsi akakhalapo. Awiri muzipita nawo ku ntchito m'kakula bokosi kakang'ono kapena m'chikwama cha nkhomaliro chokhala ndi nsalu yochindikala, kuti mkaka ufike kunyumba uli wozizira ngakhale minibasi itachedwa pamzere wa magalimoto. Otsalawo ndi a mlezi: magetsi akazima kupitirira maola awiri, asamutse mkaka wa tsikulo kuuika m'kula bokosi pamodzi ndi mabotolowo, filiji aileke yotseka.

Dongosolo losavuta kulisunga ndi lakuti mkaka wofinya ku ntchito lero ndi wa mawa. Umene mwafinya m'mawa wa 5 koloko ndiwo woyamba kumwedwa cha m'ma 9. Wa Lachisanu ndi wa Lolemba, koma ngati mukukayika za magetsi a kumapeto a sabata, uundanitseni Lachisanu lomwelo. Sungani m'timabotolo ta 80 mpaka 100 ml, kalikonse kolembedwa tsiku ndi nthawi pa kapepala komata, osati m'botolo limodzi lalikulu, chifukwa umene mwana wayamba kumwa uyenera kutha pasanathe maola awiri, ukatsala utayidwe. Musathire mkaka wofunda pa wozizira, uziziritseni kaye. Woundana usungunulidwe m'filiji usiku kapena m'mbale ya madzi ofunda, umwedwe pasanathe maola 24, ndipo usabwererenso mufiriza. Masabata atatu amenewa mukamasunga kabotolo kamodzi patsiku mudzakhala ndi nkhokwe yokwanira tsiku loyamba ndi masiku a ngozi. Simufunika kudzaza firiza yonse.

Muuzeni mlezi kuti mkaka wa m'mawere ukakhala umapatukana, mafuta amayandama pamwamba, pansi pamaoneka ngati madzi otuwa. Sunawonongeke. Augwedeze pang'ono usakanizike. Wowonongeka umanunkha kusasa koonekeratu. Pofunditsa aike kabotolo m'mbale ya madzi ofunda kwa mphindi zochepa, adonthezere pamkono wake kuti amve ngati sukuwotcha. Asauwiritse pamoto ngati mkaka wa ng'ombe. Kuwiritsa kumapha zoteteza ku matenda zimene mwavutikira kufinya.

Pomwetsa, kapu imaposa botolo la nsonga ya mpira pa chifukwa chimodzi chachikulu: imatsukika. Nsonga ya mpira imasunga zotsalira za mkaka m'makwinya ake, ndipo m'nyumba momwe madzi a pampopi amasiya nthawi zina, ndiyo imabweretsa kutsegula m'mimba. Kakapu kakang'ono kopanda chivindikiro cha mlomo ndi kokwanira. Mlezi amukhazike mwana pamiyendo atadzuka ndithu, msana ndi mutu zitachirikizidwa, kansalu pachifuwa. Kapu ikhale pa mlomo wam'munsi, aipendeke mpaka mkaka ungokhudza mlomo, mwana azimwa yekha ndi lilime. Asathire mkaka m'kamwa, angatsamwe. Yambani kuphunzitsa pakali pano kamodzi patsiku ndi 20 kapena 30 ml, mwana asanamve njala kwambiri, ndipo womwetsa akhale mlezi kapena bambo ake inu mutatuluka panja. Mwana akamva fungo la mayi ake pafupi amakana kapu. Mukasankha botolo, gulani la nsonga yodontha pang'onopang'ono, burashi yake, ndipo liziwiritsidwa mphindi 5 likatha kutsukidwa. Lisatsamiritsidwe pa pilo mwana n'kusiyidwa yekha.

Mudzadziwa bwanji kuti akukhuta? Matewera onyowa 6 kapena kuposerapo pa maola 24, mkodzo woyera osati wachikasu chakuda, ndi mzere wa sikelo wokwera mwezi ndi mwezi, osachepera magalamu 500 pamwezi m'miyezi 6 yoyamba. Chimbudzi chisakusokonezeni: mwana woyamwa bere lokha wa msinkhu uwu akhoza kutha masiku angapo osachita, bola chikabwera chikhale chofewa. Ana ambiri amamwa pang'ono masana n'kumabwezera usiku mayi awo akabwera. Zimatopetsa, koma kuyamwa kwa usikuko ndi kumene kumasunga mkaka. Agone chagada, mu neti, pafupi nanu, popanda pilo ndi mabulangete olemera kumaso, ndipo asagone pambali pa munthu amene wamwa mowa.

Za phala: pa miyezi itatu ayi. Phala lamadzimadzi lija limadzaza kamimba koma mphamvu zake sizifika pa za mkaka, matumbo a mwana sanakhwime kuligaya, ndipo supuni iliyonse ya phala imachepetsa kuyamwa, motero mkaka umachepadi, apongozi n'kuoneka ngati ananena zoona. Madzi, tiyi, madzi a shuga ndi mankhwala a liwombo nazonso zidikire kunja. Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO amanena chimodzimodzi, kuti bere lokha mpaka miyezi 6. Musakangane nawo apongozi pakhomo, sizikupindulirani. Atengeni ulendo wa ku sikelo akamve kwa anamwino okha, ndipo apatseni mbali yawo: akhale iwo odzaphika phala loyamba mwana akakwana miyezi 6, la mgaiwa lolimba losagwa pa supuni, lothira nsinjiro, kuyambira supuni ziwiri kapena zitatu kawiri patsiku.

Tsiku lina mkaka wofinya ukapanda kukwana, cholowa m'malo ndi mkaka wa m'chitini wa ana osakwana miyezi 6, osati phala, osati mkaka wa ng'ombe kapena waufa wothira mu tiyi. Madzi awire, azizire osapitirira mphindi 30 kuti akhalebe otentha ndithu, ayezedwe poyamba madzi kenako ufa ndi kasupuni ka m'chitinimo monga zalembedwera, uziziritsidwe, umwedwe pasanathe maola awiri. Vuto limene limachitika kawirikawiri ndi kuchepetsa ufa kuti chitini chifike kumapeto a mwezi. Mwana amaonda akuoneka ngati akumwa. Ngati muli pa ma ARV, kambiranani ndi a kuchipatala musanasakanize chilichonse, ndipo musadumphitse mankhwala anu ngakhale a mwana chifukwa cha changu cha m'mawa.

Tsopano za mtsikana wa kumudziyo. Funsani zaka zake musanatumize ndalama ya basi. Malamulo a dziko lino, kuyambira mu 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo mwana wa zaka 14 kapena 15 sangalere wakhanda ndi wa zaka zitatu kwa maola 11 ali yekha. Afike masabata awiri musanayambe ntchito. Masiku oyamba muzichita inu iye akuona, kenako azichita iye inu mukuona, ndipo sabata yachiwiri muzichoka maola awiri, kenako anayi, kenako tsiku lathunthu. Mukatero mudzaona kagwiridwe kake ka mwana, ndipo ana adzamuzolowera mayi awo akadali pafupi.

Cholakwika chachikulu chimene mabanja ambiri amachita ndi kumusenzetsa mlezi ntchito zonse: kuchapa, kusita, kukolopa, kuphika, kupita kumsika, kuchigayo, pamwamba pake ana awiri. Munthu wotero amasankha ntchito imene idzaoneke madzulo, ndipo pansi pokolopedwa pamaoneka kuposa mwana womwetsedwa modekha kwa mphindi 20. Muuzeni momveka kuti ana ndiwo ntchito yake yoyamba, ndipo mukapeza mbale zosatsuka ana ali bwino musakalipe, apo ayi mawu anuwo adzakhala opanda pake. Zochapa zikuluzikulu zidikire Loweruka, kapena mupeze wa ganyu kamodzi pa sabata. Malipiro asachepere pa amene boma linakhazikitsa a antchito a pakhomo. Chiwerengerocho chimasintha, funsani ku ofesi ya Labour. Aperekedwe pa tsiku lomwe munagwirizana, m'manja mwake osati kwa abale ake, ndipo apume tsiku lathunthu pa sabata, monga lamulo linenera kuti munthu asagwire masiku oposa 6 otsatana osapuma maola 24. Mlezi wotopa ndi wodandaula ndi amene amachoka mosatsanzika Lolemba m'mawa.

Matani pepala pakhoma la kukhitchini: manambala a foni anu, a bambo, a ku ofesi ndi a mnansi mmodzi amene amakhala pakhomo masana, amenenso mwamupempha kale. Musiyireni foni yokhala ndi mayunitsi ndi envelopu ya ndalama ya kabaza wa ku chipatala, imene siigulidwa tomato. Mugulireni kope lolembamo nthawi imene mwana wamwa, kuchuluka kwake ndi matewera amene wasintha. Mphindi ziwiri zowerenga kopelo madzulo zimaposa mafunso khumi. Papepala lomwelo lembani zizindikiro zimene ayenera kuthamangira nazo ku chipatala asanadikire inu: mwana kukana kuyamwa kapena kumwa, kusanza chilichonse, kukomoka kapena kugwedezeka thupi, kufooka kosadzutsika bwino, kupuma mothamanga kapena nthiti zikulowa mkati, magazi m'chimbudzi, ndi kutentha thupi kulikonse kwa wakhanda. Buku la kuchipatala la mwana aliyense likhale pamalo amodzi odziwika. Panado asamaperekedwe kuti mwana agone, ndipo kutentha thupi kwa wamkulu kukayezedwe malungo tsiku lomwelo, osati kugula LA mongoganizira. Muuzeninso chinthu chimene ambiri amachita manyazi kunena: mwana akalira osatonthola iye n'kumva mtima ukuwawa, amugoneke pabwino chagada, atuluke mphindi zisanu, akuimbireni. Asamugwedeze mwamphamvu. Kugwedeza khanda kumawononga ubongo.

Yendani m'nyumba mwanu mutawerama, muone zimene wa zaka zitatu amafikira, chifukwa pamene mlezi akumwetsa wakhanda, wamkuluyo amakhala yekha. Mbaula ikhale panja pamalo otchingidwa, isalowe m'nyumba yotseka ngakhale kuzizire bwanji, chifukwa mpweya wa makala umapha mwakachetechete. Mpoto wa phala ndi fulasiki zisakhale pansi kapena m'mphepete mwa tebulo. Zidebe ndi migolo imene timasungira madzi zivindikiridwe molimba. Mwana amamira m'chidebe cha malita 20 atagweramo chamutu. Parafini, Jik ndi tameki zisaikidwe m'mabotolo a zakumwa, zitsekeredwe pamwamba. Mwana akamwa parafini asasanzitsidwe, apite ku chipatala. Akapsa, pamalopo pathiridwe madzi ozizira kwa mphindi 20, osapaka dzira, Colgate kapena mafuta ophikira. Sungani mapaketi a Thanzi ORS ndi zinki: paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndiko kuti mabotolo awiri a 500 ml, ndipo wa zaka zitatu amwe theka la kapu mpaka kapu yodzaza nthawi iliyonse akatsegula.

M'mawa wa mayi wa pa ntchito umakonzedwa usiku. Zovala zanu ndi za wamkulu zisitidwe Lamlungu za sabata yonse pamene magetsi alipo. Madzi osamba atungidwe, timabotolo ta mkaka tiwiritsidwe, chikwama chilongedzedwe, ndalama ya minibasi ikhale yosinthasintha. M'mawa patsale zinayi zokha: kufinya, kusamba, kudya, kuyamwitsa. Valani zovala za ku ntchito pomaliza penipeni kapena mudzifunditse chitenje, popeza mwana amabzikula pa bulauzi yoyera nthawi imene mwachedwa. Kudya musakudumphe. Mayi woyamwitsa amafuna chakudya chowonjezera pafupifupi kamodzi patsiku, ndipo tiyi ndi sikono sizikwanira; tengani mbatata, mtedza wokazinga, nthochi kapena dzira lowiritsa, ndi botolo la madzi patebulo.

Pa zophika sindichulukitsa mawu. Nyemba zinyikidwe usiku wa Loweruka, ziphikidwe zambiri Lamlungu, zigawidwe m'makontena a chakudya chimodzichimodzi mufiriza. Nsinjiro zisinjidwe za sabata imodzi, mutasankha mtedza n'kutaya wonse wachuku ndi wonyala, chifukwa chuku cha mtedza chili ndi poizoni amene satha ndi kuphika. Ufa wa phala la wamkulu usakanizidwe kale, makapu anayi a mgaiwa pa kapu imodzi ya ufa wa soya wokazinga, monga amapangira Likuni Phala. Bonya kapena usipa wokazinga n'kusinja ukhale m'botolo, supuni imodzi m'ndiwo zamasamba. Chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri nyengo yotentha, ndipo chotenthetsa chitenthe mpaka kutuluka nthunzi. Mwana wa zaka zitatu adye katatu ndi zotolatola kawiri, m'mbale yakeyake kuti mlezi aone zimene wadya.

Wamkuluyu ndi amene amaiwalika, ndipo iye ndiye adzakuvutitseni kuposa wakhanda. M'miyezi itatu walandidwa miyendo ya mayi ake, m'nyumba mwalowa mlendo, tsopano mayi akusowa tsiku lonse. Musadabwe akayambanso kukodza pogona, kulankhula ngati khanda, kukana kudya kapena kutsina mng'ono wake. Kumumenya kumawonjezera. Potuluka m'mawa mutsanzikeni, mumuuze kuti mubwera dzuwa likamalowa, mupite osabwerera ngakhale alire. Kuzemba pamene akusewera kumaoneka kophweka, koma kumamuphunzitsa kuti mayi amatha kusowa nthawi iliyonse, ndipo amayamba kukukakamirani ngakhale popita kubafa. Madzulo mukafika, wakhanda akamayamwa, wamkulu akhale pambali panu akuuzeni za tsikulo. Kenako mupatseni mphindi 10 kapena 15 zake yekha, foni ili kutali. Pa msinkhu wake amafuna tulo ta maola 10 mpaka 13 kuphatikiza ta masana, ndiye pofika 8 koloko akhale atagona. Makatuni asapitirire ola limodzi patsiku, ndipo mlezi adziwe zimenezi chifukwa TV ndi imene imalera ana ambiri masana. Ngati thumba likulola, sukulu ya mkombaphala ya theka la tsiku imamupatsa anzake ndipo imapepuza mlezi m'mawa. Kaioneni nokha nthawi ya phunziro: ana angati pa mphunzitsi mmodzi, chimbudzi chili bwanji, pali madzi ndi sopo, geti limatsekedwa, amapereka mwana kwa ndani. Koma asayambe sukulu sabata yomwe inu mukuyamba ntchito; zosintha ziwiri nthawi imodzi zimamulemera.

Bambo a ana akhale ndi ntchito zawo zathunthu, osati zoti azithandiza akapemphedwa, chifukwa kupempha ndi kukumbutsa nakonso ndi ntchito. Khalani pansi musanayambe, mugawane ndi kutchula: kusambitsa ndi kugoneka wamkulu, kumuperekeza kusukulu, kugula makala kapena gasi ndi mayunitsi a magetsi, kuundanitsa mabotolo a madzi, kubereka wakhanda pamene inu mukufinya. Zimene zili zawo zikhale zawo kuyambira kukumbukira mpaka kumaliza, ndipo inu musakonze pambuyo pawo akamuveka mwana malaya osagwirizana ndi kabudula. Kusintha kwa lamulo kwa 2021 kunapatsanso abambo tchuthi cha masabata awiri cholipidwa mwana akabadwa, kamodzi pa zaka zitatu. Ngati sanatenge, afunse ku ntchito kwawo ngati angatengebe kuti adzakhale pakhomo masiku anu oyamba. Mugwirizanenso lero za tsiku limene mwana adzadwale kapena mlezi adzapite ku maliro kumudzi: ndani adzatsale koyamba, ndani kachiwiri, ndi mbale uti angabwere. Kukambirana zimenezi 5 koloko m'mawa mwana akutentha thupi kumathera m'mkangano.

Tsiku limodzi lotere likudziwika kale. Katemera wa masabata 14 adzagwera m'sabata yoyamba kapena yachiwiri mutabwerera ku ntchito. Onani tsiku m'buku la sikelo, muliike m'kalata yomwe ija ya kwa abwana, pamodzi ndi la katemera wa chikuku wa miyezi 9 ndi 15. Akabayidwa akhoza kutentha thupi pang'ono ndi kulira tsiku limodzi kapena awiri, ndiye ngati mungathe tengani tsiku lonse. Ulendo womwewo tengani wamkulu akalandire vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba ngati papita miyezi 6.

Thupi lanu nalo likufuna maso m'masabata oyamba. Mukadumpha kufinya chifukwa cha msonkhano wautali, bere limatupa ndi kuuma. Mukamva kachotupa kowawa, pitirizani kuyamwitsa ndi kufinya mbali imeneyo, musalifinye mwankhanza, ikanipo kansalu kozizira mukatha. Pakafiira, thupi n'kutentha ndi kumva ngati malungo kupitirira tsiku limodzi, pitani ku chipatala. Mwana sasiya kuyamwa chifukwa cha zimenezi. Mkaka ukayamba kudontha muli pakati pa anthu, pindani manja pachifuwa mupanikize kwa mphindi imodzi, ndipo musunge bulauzi ina mu dirowa. Kulira sabata yoyamba n'kwachibadwa. Koma mukaona kuti papita masabata awiri simukugona ngakhale mwana atagona, chakudya sichikukoma, palibe chokusangalatsani, kapena mukubwera maganizo odzipweteka, kauzeni anamwino. Ndi matenda amene amachizika.

Komanso za kulera. Kuyamwitsa kumateteza ku mimba pokhapokha zinthu zitatu zili pamodzi: mwana sanakwane miyezi 6, msambo sunabwerere, ndipo akuyamwa bere lokha pafupipafupi usana ndi usiku. Mukayamba kuchoka maola 11, chachitatuchi chimagwedezeka ngakhale mukufinya, ndipo mimba ikhoza kulowa msambo musanauone. Jekeseni wa miyezi itatu, Implanon wa zaka 3, Jadelle wa zaka 5, lupu ndi makondomu zonse zimagwirizana ndi kuyamwitsa. Mapiritsi a mphamvu ziwiri adikire mpaka mwana atakwana miyezi 6 chifukwa amachepetsa mkaka. Ngati mukufuna mapiritsi, nenani kuti mukuyamwitsa kuti akupatseni a mphamvu imodzi. Pitani sabata ino kapena ya mawa mukadali pa tchuthi, popeza mizere ya ku chipatala ndi ya m'mawa ndipo mukayamba ntchito simudzakhalanso ndi mpata m'mawa.